Ya mainchi 8 kapena ya 11? Zomwe matabuleti atatu anandiphunzitsa

Loweruka lapitali alamu anga anandiimbira ali mu shopu ina ku Limbe, kumbuyo kukumveka ma honi a minibasi ndi anyamata oitanira, akuti "alamu, pano pali tabuleti ya 8 ndi ya 11, mtengo sukusiyana kwambiri, nditenge iti?" Ndinawafunsa kuti muzikachita nayo chani. Akuti zonse. Ndinati zonse zake ziti, akuti aaa zonse basi, mafilimu, sukulu ya ana, ntchito, kaya chani. Nde ndinawapempha kuti atuluke kaye mushopumo, asagule tsiku limenelo, abwere kunyumba madzulo tidzacheze. Anadandaula pang'ono poti ndalama inali kale mthumba ndipo mukudziwa mmene ndalama imayabwira ikakhala mthumba, koma anabweradi.

Chomwe ndinawaletsera ndi choti ineyo ndinataya ndalama kawiri pa nkhani yomweyi, ndipo maulendo onse awiri vuto silinali kampani yopanga kapena batire kapena kamera, linali kukula kwa sikirini basi.

Tiyambe ndi nambala ija imalembedwa pa katoni. Anthu ambiri timaganiza kuti akati mainchi 10 akutanthauza mlifupi kapena mlitali, ayi, amayeza mopingasa, kuchokera pa kona ya mmunsi kumanzere kukafika pa kona ya mmwamba kumanja, ndipo amayeza galasi lowala lokhalo osati tabuleti yonse. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Chifukwa cha kayezedwe kameneka nambalayi imanamiza maso. Ukamva 7 ndi 10 umaona ngati zangosiyana ndi katatu chabe, pomwe malo owerengerapo a ya 10 ndi owirikiza kawiri a ya 7 ngati zonse zili zamaonekedwe ofanana. Chimodzimodzi munthu akamati "foni yanga ndi ya 6.6, nde tabuleti ya 8 ndigulirenji", amaiwala kuti mafoni a masiku ano ndi aatali ngati mzimbe koma owonda, mlifupi mwake sufika olo masentimita 7, pomwe tabuleti ya 8 ili ndi malo pafupifupi kawiri a foniyo.

Yanga yoyamba inali ya mainchi 7, yogwiritsidwapo kale ntchito, ndinaigula nthawi yomwe ndinkaphunzira za akaunti madzulo ndikaweruka. Ndinaisankha chifukwa cha mtengo, palibe china. Maganizo anga anali oti ndasiya zosindikizitsa manotsi tsiku ndi tsiku, zonse ndiziwerengera pomwepo. Koma manotsi athu onse anali ma PDF, ena ojambulidwa kuchokera mmabuku, mapepala a mayeso akale, zonse pa pepala la A4. Pepala la A4 mlifupi mwake ndi masentimita 21, mlitali 29.7, ukaliyeza mopingasa ngati mmene amayezera sikirini limakwana mainchi 14 ndi kakanthu. Tsono tangoganizani kulipanikiza pepala limenelo pa kagalasi koti ukakaimika mlifupi mwake ndi masentimita 9 basi. Zilembo zimachepa kuposa theka, zimangooneka ngati nyerere zandanda pa khoma.

Usiku wina ndimaukumbukira bwino. Magetsi anali atathima, ndili pa mkeka pabalaza, mayeso atsala masiku anayi, ndikulimbana ndi funso lomwe linali ndi tebulo la mizati isanu ndi umodzi ya manambala. Ndikakuza ndi zala kuti ndione manambalawo, mitu ya mizati imathawira mmwamba, dzina la akaunti limathawira kumanzere, ndimatsala ndi manambala opanda mwini. Ndikachepetsa kuti ndione kuti nambalayi ndi ya ndani, sindikuthanso kuiwerenga. Kukoka kumanja, kubwerera kumanzere, kukoka kumanja, mzere uliwonse choncho, mpaka ndinakopera nambala ya mzere wina ndikuiika pa mzere wina, funso lonse linakana kugwirizana ndipo ndinatha pafupifupi ola lathunthu ndikufufuza pomwe ndalakwitsa. Mutu unkawawa kuseri kwa maso. Mmawa mwake ndinapita kukasindikizitsa mapepala onse, ndalama ija ndinkati ndikupulumutsa inapitabe.

Koma ndisainyoze kwambiri, kanali ndi ubwino wake womwe ndinadzauzindikira katapita. Kankalowa mthumba la jekete. Mu minibasi ya mmawa, anthu anayi pa mpando, chikwama pa miyendo, dzanja limodzi lagwira mpando wakutsogolo, ndinkatha kukagwira ndi dzanja linalo nkumawerenga nkhani kapena Baibulo mpaka kukatsika. Apa mpomwe pali chinsinsi chonse cha nkhaniyi, mwa kuona kwanga. Zowerenga zilipo zamitundu iwiri. Pali zomwe zimadzikonza zokha molingana ndi sikirini, monga uthenga wa pa WhatsApp, nkhani za pa intaneti, Facebook, app ya Baibulo, mabuku aja a pa foni, ukakuza zilembo mawu amangotsikira pa mzere wotsatira, sutaya kanthu. Ndiye pali zouma, zomwe tsamba lake linaumbidwa kale ndipo silisintha, ma PDF, mapepala a mayeso, mafomu, mapulani a nyumba, nyimbo za manoti za kwaya, matebulo a Excel. Zoyambazo sikirini yaing'ono imazikwanitsa bwinobwino. Zachiwirizo zimafuna malo, ndipo palibe nzeru ina yozungulira.

Mkanganowu si wa ife tokha. Chaka cha 2010 Apple itatulutsa iPad yoyamba ya mainchi 9.7, Samsung inatulutsa Galaxy Tab ya mainchi 7, ndipo Steve Jobs, mkulu wa Apple nthawi imeneyo, ananena poyera kuti matabuleti a mainchi 7 ndi akufa kale asanafike pa msika, mpaka anati ogula adzafunika sandipepa yopalira zala kuti zichepe. Iye anamwalira mu 2011, ndipo mu 2012 kampani yake yomweyo inatulutsa iPad mini ya mainchi 7.9, yomwe ikupangidwabe mpaka lero, pano ili pa 8.3. Ine ndimaona kuti anali ndi mfundo pa za kuchepa kwa malo, usiku uja wa manambala ndikanamuvomereza ndi mtima wonse, koma sanaganizire za munthu yemwe dzanja lake lina lili pa ntchito ina.

Tabuleti yanga yachiwiri inachokera kwa achimwene anga omwe amakhala ku Johannesburg. Atamva madandaulo anga anati "usavutike mphwanga", nkunditumizira pa basi iPad Pro ya mainchi 12.9, ija inayamba kutuluka mu 2015, nayonso yogwirapo kale ntchito. Ine ndinangowabwezera theka la ndalama pang'onopang'ono. Tsiku loyamba kutsegula PDF pa iyo ndinakhala chete kwa kanthawi ndithu. Tsamba lonse linali pamenepo, pafupifupi kukula kwake kwenikweni, chifukwa ukaiimika mlifupi mwa galasi lake ndi pafupifupi masentimita 20. Tebulo lija la mizati isanu ndi umodzi linkaoneka lonse, mitu yake, mayina ake, osakoka chilichonse. Ukaigoneka umatha kuika funso mbali ina, manotsi mbali ina. Pa zowerenga za sukulu sindinagwirepo china choposa chimenecho, ndipo ndikunena izi mosakayika.

Vuto linayamba pomwe ndinafuna kutuluka nayo panja. Yokha imalemera magalamu 700 ndi kakanthu, ukaiveka kava yolimba kenako kiyibodi imadutsa kilogalamu, ngati wanyamula paketi ya shuga ndi zina pamwamba. Kuigwira mmanja uli chagada pa bedi mu neti, mphindi khumi sizitha mkono usanayambe kudandaula. Mu minibasi nde ayi, ukaitulutsa chigongono chako chili pa nthiti za mnzako, ndipo aliyense kuyambira kondakitala mpaka wa mpando wakumbuyo akuwerenga nawe limodzi. Pa depoti sindinkayerekeza nkomwe kutsegula chikwama, chinthu chachikulu chowala choncho chimaitana maso ambiri. Pang'ono ndi pang'ono inasanduka katundu wa pa tebulo la kunyumba, ndipo maola awiri aja ndinkakhala pa msewu tsiku lililonse, omwe kale ndinkawerenga, anabwerera pa foni.

Panalinso za moto. Sikirini ndi yomwe imadya batire kwambiri pa tabuleti, nde ikakula amaikamo batire lalikulu, zomwe ndi zabwino ikadzaza koma kuidzazako ndi ntchito. Masabata omwe magetsi ankangobwera kwa maola ochepa inkakhala pa chaja nthawi yonseyo osadzaza, ndipo pawa banki yanga yomwe inkadzaza foni kawiri inkathera pomwepo tabuleti isanafike olo pakati. Kwa munthu wokhala kumudzi yemwe amadalira ka sola kakang'ono kapena kukatchajitsa pa golosale, izi si zazing'ono ayi.

Mapeto ake inagwa kuchoka pa tebulo, mwana wa achemwali anakoka waya wa chaja osadziwa, galasi linang'aluka kuchokera pa kona mpaka pakati. Okonza mafoni atatu omwe ndinawayendera onse anati galasi la saizi imeneyo alibe, lichite kuitanitsidwa kunja, ndipo mtengo womwe ananditchulira unali wogulira tabuleti ina yatsopano yapakatikati. Galasi likakula limasweka msanga likagwa, komanso limadula kusintha, komanso limasowa. Zinandiwawa kwambiri, makamaka poganiza za achimwene omwe anadzimana kuti andithandize.

Pano ndili ndi ya mainchi 11, Galaxy Tab A9+, imalemera magalamu 480, pafupifupi ngati botolo la madzi la theka la lita. Sindinganene kuti imachita zonse bwino. PDF ya zilembo zazing'ono ndimaigoneka nkumawerenga theka la tsamba nthawi imodzi, ndipo ndi dzanja limodzi sindingaigwire nthawi yaitali. Koma imalowa mchikwama popanda kukangana ndi mabuku, pa tebulo la ku ofesi imagwira ntchito, pa bedi imapiririka, ndipo ndimatuluka nayo tsiku lililonse, zomwe ija yaikulu inalephera.

Koma amene anandiphunzitsa kwambiri pa nkhaniyi ndi bambo anga, ndipo iwo sadziwa nkomwe kuti inchi ndi chani.

Bambo ndi mkulu wa mpingo kumudzi kwathu, anapuma ntchito kalekale, maso anayamba kuwavuta moti Baibulo lawo la zilembo zazing'ono ankachita kulitalikitsa ndi kuliyandikitsa olo atavala magalasi. Ine ndinaganiza mwachangu kuti maso ofooka ndiye kuti sikirini yaikulu, nde nditapita kumudzi pa Khirisimasi ndinawapatsa yanga ya 11 kuti ayesere, ndikuti ikawakomera ndiwagulira yotero kapena yoposerapo. Anakhala pa khonde, anaipukuta kaye ndi mpango ngati mmene amachitira ndi magalasi awo, ndinawatsegulira Salimo, ndinakuza zilembo. Anawerenga mokweza mavesi angapo, nkhope ikuwala, kenako anati ndiwathandize kuimirira. Anaimirira, ndodo kudzanja lamanja, tabuleti kumanzere, anayesa kuwerenganso. Ndinaona dzanja lawo likuyamba kunjenjemera, tabuleti ikupendekera kutsogolo, chala chachikulu chikutsamira pa galasi mpaka tsamba linathawa. Anakhalanso pansi nkuiika pa miyendo.

"Mwana wanga, chinthuchi nchabwino, koma ndi cha munthu wokhala pansi. Ine ku maliro ndimawerenga chiimire, ku mlaga chiimire. Dzanja ili lagwira ndodo, ili lagwira mbale yakoyi, nanga tsamba nditsegula ndi chani?"

Ndinati, "Bambo, koma yaing'ono mudzaona bwino zilembo?"

Anati, "Si wakuza wekha zilembozi pompano? Pa yaing'onoyo sizikula?"

Zimakuladi. App ya Baibulo ili mgulu lija la zodzikonza zokha, ukakuza zilembo pa sikirini ya 8 zimakula mofanana ndi pa ya 11, kungoti pa tsamba pamakwana mavesi ochepa, ndipo munthu wowerenga mokweza pamaso pa anthu safuna mavesi makumi awiri nthawi imodzi, amafuna atatu kapena anayi owoneka bwino. Ndinawagulira ya mainchi 8.7, yolemera magalamu 330 ndi pang'ono, ndinaiveka kava yokhala ndi lamba kumbuyo wolowetsamo dzanja. Imalowa mthumba la mkati la jekete lawo la ku tchalitchi. Mayi amandiuza kuti masiku ano ikatsala pang'ono kutha moto bambo amayamba kuda nkhawa Lachisanu, kuopa kuti Lamlungu iwachititsa manyazi pa guwa.

Kuyambira pamenepo ndikamaona anthu ogwira ntchito ndi tabuleti ndimayang'ana manja awo kaye. Pa kalembera wa anthu wa 2018, yemwe kuno kwathu anachitika ndi matabuleti, owerenga anthu ankayenda khomo ndi khomo, kulemba ataimirira pabwalo kapena atakhala pa kampando kopanda tebulo, tsiku lonse. Ntchito yotero, kaya ya alangizi a zaumoyo, kaya ya alangizi a zaulimi, kaya yolemba katundu mu sitolo, imafuna chinthu choti dzanja limodzi ligwire linalo lizilemba. Ana aang'ononso chimodzimodzi. Mapulogalamu aja a bungwe la onebillion ophunzitsa masamu ndi kuwerenga mChichewa atayamba kuyesedwa msukulu za pulayimale ankagwiritsa ntchito iPad mini, ndipo ukaona mwana wa Sitandade 1 atakhala pansi tabuleti ili pa miyendo umamvetsa chifukwa chake, timanja take sitingazungulire chinthu chachikulu, ndipo chikalemera amachigwetsa.

Pali msampha wina womwe ndikufuna muudziwe musanapite ku shopu, chifukwa ogulitsa ambiri satchula. Chithunzi cha pa sikirini chimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono, ma pixel, ndipo pa katoni amalemba kuchuluka kwake monga 1280 x 800 kapena 1920 x 1200. Matabuleti ambiri otchipa a mainchi 10.1 ali ndi 1280 x 800, nambala yomweyomweyo yomwe ili pa a mainchi 8. Ndiye kuti sanakuwonjezereni kanthu, angotambasula madontho omwewo pa malo aakulu, ngati kuthira madzi ambiri mu tiyi wa masamba omwewo. Pa ya 8 madonthowo amakhala pafupifupi 190 pa inchi, pa ya 10.1 amatsika kufika pafupifupi 150, ndipo zilembo zazing'ono zimaoneka zachimbuuzi mmphepete, maso amatopa msanga. Ine ndimati ngati mukugula ya 10 kapena 11 kuti muziwerengera, onetsetsani kuti ili ndi 1920 x 1200 kapena kuposa. Ngati ndalama sikufika pamenepo bola ya 8 yooneka bwino kusiyana ndi ya 10 yachimbuuzi.

Maonekedwe a galasi nawonso amasintha zinthu. Ma iPad amakhala ofupikirako ndi otambalala, ambiri ali pa 4:3 kapena kufupi ndi pamenepo, zomwe zimayandikira maonekedwe a pepala, nde PDF imadzaza bwino. Matabuleti ambiri a Android ali pa 16:10, aataliko ndi owonda, abwino pa mafilimu ndi mpira chifukwa mizere yakuda ija mmwamba ndi mmunsi imachepa, koma ukaimika kuti uwerenge tsamba la A4 mlifupi umaperewera. Matabuleti awiri onse olembedwa mainchi 11 akhoza kukuonetsa tsamba lomwelo mosiyana kukula. Za zija zikuluzikulu za mainchi 13 kapena 14.6 ngati Galaxy Tab S8 Ultra sindikambapo zambiri, ndi za ojambula ndi olemba mapulani omwe amagwirira pa desiki, ndipo pa mtengo wake ambiri a ife laputopu ingatithandize kuposa.

Nde alamu atafika madzulo aja sitinatsegule intaneti. Ndinatenga katoni ya sopo, lula ndi sizasi. Tinadula chidutswa china cha masentimita 21 kwa 12.5, komwe ndi kukula kwa thupi la ya 8.7, china cha 26 kwa 17, kukula kwa ya 11. Ndinawauza kuti ayese kulowetsa chilichonse mchikwama chomwe amayenda nacho, achigwire mmene akuganizira kuti azidzagwirira, kenako ndinawapatsa botolo la madzi la theka la lita kuti aligwire mmwamba ndi dzanja limodzi ngati akuwerenga, tikucheza. Sipanathe mphindi zisanu analisinthira kudzanja lina. Kenako tinatenga pepala la mayeso akale a MSCE la mwana wawo wamkazi yemwe ali Fomu 4, la Biology lokhala ndi zojambula ndi timawu tolozera, tinaliika pambali pa zidutswa ziwiri zija kuti aone kuti lichepa bwanji kuti likwanemo.

Apa mpomwe "zonse" zija zinayamba kumasuka. Zinapezeka kuti iwowo ntchito yawo yonse amathera pa foni ndipo sakufuna kusintha, wamng'ono wa Sitandade 2 amangofuna makatuni, koma yemwe akuvutika zenizeni ndi mtsikanayo, yemwe aphunzitsi amatumiza manotsi ndi mapepala akale pa gulu la WhatsApp ngati ma PDF, ndipo wakhala akuwawerengera pa foni ya mayi ake usiku, kukoka kumanja kubwerera kumanzere, ndendende zomwe ndinkachita ine pa mkeka paja. Amawerengera pa tebulo la pabalaza, tabuletiyo sizituluka mnyumba. Achemwali anga omwe anali chete nthawi yonseyi anati, "Nde mukuvutikiranji abambo ake, si mwanayu akufuna yaikuluyo?"

Lolemba anakagula ya 11, anaonetsetsa kaye pa katoni kuti palembedwa 1920 x 1200, akuti wogulitsa anadabwa kuti madala afunsa zimenezo. Dzulo usiku anditumizira chithunzi, mtsikana uja ali pa tebulo, tabuleti yatsamira pa chitini cha shuga, tsamba lonse la chojambula cha mtima likuoneka, iye akukopera mkope. Pansi pake alemba kuti wamng'ono uja walira kale kawiri kuti nayenso akufuna, ndipo akufunsa ngati ndikudziwa komwe kumapezeka kava yokhala ndi choimikira, poti chitini cha shugacho mmawa chimafunika pa tiyi.